Jenerale amene anayamba kujambula mapiri ali ndi zaka 56, ndi mkangano wa inki ku China

Mu 1986 ku Taipei, likulu la Taiwan, pa malo oonetsera zojambula otchedwa Hsiung Shih, panachitika chionetsero cha mdala wina wa zaka 88 dzina lake Yu Chengyao, ndipo kanali koyamba kuti zithunzi zake zipachikidwe pazokha osasakaniza ndi za anthu ena. Zaka 88 abale. Anzake a msinkhu umodzi ambiri anali atatsikira kale kulichete, iye nkumayamba kumene kutchuka. Mdalayu analibe mphunzitsi wa zojambula, sukulu ya zimenezi sanapiteko, unyamata wake wonse unathera ku usilikali mpaka kufika pa udindo wa jenerale, bulashi yojambulira mapiri anaigwira koyamba ali ndi zaka 56.

Ndiye ukamva choncho umangoti eee koma nkhani yokoma, mphatso yochokera kwa Mulungu basi. Inenso ndinkatero. Koma ndikamaiwerenga nkhaniyi mobwereza ndimaona kuti mawu oti "anadziphunzitsa yekha" ku China ali ndi minga, samatanthauza zomwe ife timaganiza tikaona mnyamata wa pamsika akujambula nkhope ya munthu ndi pensulo wopanda amene anamulangiza. Kuti zimveke tiyambe ndi chinthucho, kuti kodi zithunzi zakuda ndi zoyera zija timaziona pa makalenda ndi m'malesitilanti a matchaina ndi chani kwenikweni.

Dzina lake ndi shanshui, shan ndi phiri, shui ndi madzi. Zipangizo zake ndi zinayi basi, bulashi, inki, pepala ndi mwala woperapo inki. Inkiyo sibwera m'botolo ngati ya pa ofesi (olo masiku ano ya m'botolo iliko), yachikale ndi kamtanda kouma gwa kopangidwa ndi mwaye wa mitengo ya paini kapena wa mafuta, wosakaniza ndi guluu wochokera ku zikopa za nyama, ndiye umadontheza timadzi pamwala paja nkumapera pang'onopang'ono mpaka ide mmene ukufunira. Bulashi ndi ya ubweya wa mbuzi, wa kalulu, kapena wa kanyama kena kofanana ndi likongwe, ya mbuzi ndi yofewa imamwa madzi ambiri, inayo ndi yolimbirako. Pepala lotchuka ndi la xuan lochokera ku Jing County m'chigawo cha Anhui, amapanga ndi makungwa a mtengo wina wa kumeneko pamodzi ndi mapesi a mpunga, ndipo UNESCO inalemba kapangidwe kake pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2009.

Pepalali ndiye pagona nkhani. Likakhala lomwe sanalipake mankhwala limamwa inki ngati mchenga wa mu Okutobala ukalandira mvula yoyamba, ukangokhudza basi yalowa, ikufalikira yokha. Palibe labala, palibe zoti ndipakapo penti ina pamwamba ndibise. Dzanja likanjenjemera aliyense aona kuti apa linanjenjemera, ukazengereza pakhala chidontho, ukathamanga kwambiri bulashi iuma nkusiya mzere wa timipata toyera. Nchifukwa chake iwowo amati mzere umaulula munthu. Ndipo inki yomweyo yakudayo, kutengera madzi amene wathira, imapereka kuda kosiyanasiyana kuyambira bii mpaka kotuwa ngati utsi, akale ankati inki ili ndi mitundu isanu. Pomwe pasiyidwa poyera osajambula kanthu si poti munthu anatopa ayi, pamenepo ndiye nkhungu, nyanja, thambo. Amene munaonapo Mulanje nthawi ya chiperoni, pamene tsinde la phiri lasowa mu nkhungu koma nsonga ikuoneka ngati ikuyandama, ndi zomwezo, pepala loyeralo likugwira ntchito ya chiperoni.

China chimene chimasokoneza ife ozolowera kamera ndi choti shanshui sichithunzi cha malo amodzi ooneka munthu ataima pamodzi. Wojambula wa nthawi ya ufumu wa Song dzina lake Guo Xi, amene anajambula chithunzi chotchuka cha kuyamba kwa nyengo yophukira mitengo mu 1072, anafotokoza kutalika kwa mitundu itatu: kuyang'ana nsonga uli pansi pa phiri, kusuzumira mkati mwa zigwa kuseri kwa phiri, ndi kuyang'ana chapatali modutsa pa chidikha. Zonse zitatu zitha kukhala pa chithunzi chimodzi, ndekuti diso lako likuyenda ulendo, likukwera, likutsika. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi cha Fan Kuan cha pafupifupi chaka cha 1000, chili ku National Palace Museum ku Taipei, ndi cha pa nsalu ya silika chotalika kupitirira pang'ono mamita awiri. Chithanthwe chimodzi chadzaza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nsalu yonse, mathithi akutsika ngati kaulusi koyera, ndiye pansi penipeni kumanja kuli tianthu ndi tiabulu tonyamula katundu tating'ono zedi moti ukapanda kudekha sutiona. Siginecha ya mwini wake inabisala m'masamba a mitengo zaka mazanamazana, anadzaipeza mu 1958. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsopano apa ndi pamene pali fupa la nkhani yathu. Matanthwe aja sajambulidwa mwachisawawa. Pali timizere todziwika totchedwa cun tosonyeza khungu la phiri, ndipo kalikonse kali ndi dzina ndi mwini wake amene anakayambitsa. Pali tofanana ndi ulusi wa chingwe chomasulidwa, tofewa, toyenera zitunda za dothi za kum'mwera, timeneti amati n'ta Dong Yuan. Pali tofanana ndi pomwe nkhwangwa yatema mtengo, takuthwa, ta matanthwe olimba, ta Li Tang ndi Ma Yuan. Fan Kuan uja ake ndi timadontho ngati ta mvula. Mitengo nayo ili ndi malamulo ake, masamba ali ndi malamulo, madzi, milatho, tinyumba, zonse. Luso logwiritsa bulashi ndi inki mwanjira imeneyi amalitchula ndi mawu amodzi, bimo, bi bulashi, mo inki, ndipo munthu wodziwa akaima patsogolo pa chithunzi choyamba kuyang'ana si kukongola kwa phiri, amayandikira nkuona bimo, kuti mzerewu uli ndi fupa kapena ndi wa phalaphala.

Ndiye unkaphunzira bwanji? Kukopera. Zaka ndi zaka ukukopera za akuluakulu akale, mzere ndi mzere, mpaka dzanja lizolowere, kenako ndiye uyambe kulankhula zako. Kukopera kumeneko sikunali kuba, unali ulemu, anthu ankalemba poyera pa chithunzi kuti ichi ndatsanzira uje. Mu 1679 kunatuluka buku la zitsanzo lotchedwa Jieziyuan Huazhuan, buku la munda wa kambewu ka mpiru, lomwe linasonkhanitsa zonsezi, mtengo umayamba chonchi, mwala umakhala ndi nkhope zitatu chonchi, uyu ankatere, uyu ankatere. Bukuli linathandiza anthu osauka amene analibe mwayi woona zithunzi zenizeni zomwe zinali m'nyumba za olemera, koma linapangitsanso kuti anthu ambiri azijambula mapiri osayang'anako phiri, kumangolumikiza zidutswa za m'buku ngati telala wosoka ndi patani imodzi chaka chonse.

Chodabwitsa china nachi. Ku China anthu amene ankalemekezedwa kwambiri pa zojambula sanali akatswiri olipidwa, anali anthu ophunzira, ogwira ntchito m'boma, alakatuli, amene ankajambula pongocheza ndi kupatsana ndi anzawo, ndipo ankanyoza ojambula ofuna ndalama kuti ndi amisiri chabe. Su Shi, mlakatuli wa zaka za m'ma 1000, ananena kuti woweruza chithunzi potengera kufanana kwake ndi chinthu chenicheni nzeru zake n'zachibwana. Huang Gongwang, amene anajambula mpukutu wotchuka wa mapiri a Fuchun pakati pa 1347 ndi 1350 ali pafupi zaka 80, poyamba anali kalaliki wa boma. (Mpukutu umenewu mwini wake wina atatsala pang'ono kufa mu 1650 analamula kuti autenthe apite nawo, mphwake nkuuwombola pamoto utaduka pawiri, lero chidutswa chachifupi chili ku Hangzhou chachitali ku Taipei, zinadzakumananso pa chionetsero mu 2011. Anthu ena nsanje mpaka kumanda.) Ndiye tinganene kuti mwambo wonsewu unamangidwa ndi anthu opanda setifiketi ya zojambula. Koma musapusitsike, anthu amenewa anagwira bulashi yomweyo kuyambira ali ana polemba zilembo, tsiku ndi tsiku, chifukwa cholembera chinali chomwecho. Dzanja linali lophunzira kale asanajambule mwala woyamba.

Munthu amene amatchulidwa msanga pa nkhani yodziphunzitsa ndi Qi Baishi, wobadwa mu 1864 ku Xiangtan m'chigawo cha Hunan, mwana wa alimi osauka amene anakhala kalipentala wosema maluwa pa mipando ndi makama. Ali ndi zaka pafupifupi 20 anapeza buku la kambewu ka mpiru lija m'nyumba ya kasitomala, nkulibwereka, nkukhala miyezi isanu ndi umodzi akulikopera pa mapepala opyapyala usiku akaweruka. Koma olo iyeyu, ali ndi zaka za m'ma 27 anatengedwa ndi munthu wophunzira wa kwawo, Hu Qinyuan, amene anamuphunzitsa kujambula nkumupezeranso womuphunzitsa ndakatulo. Atakhazikika ku Beijing mu 1919 akatswiri a mtauni ankamuona ngati kalipentala wa kumudzi, zithunzi zake sizinkayenda malonda, mpaka mnzake Chen Shizeng anamulimbikitsa kusintha sitayilo nkutenga zithunzi zake kupita nazo ku Tokyo mu 1922 komwe zinagulidwa pa mtengo wabwino. Iye ukalipentala sanaubise, anasema chidindo chonena kuti ndi wa pakhomo pa Lu Ban, kholo la akalipentala ku China. Amadziwika kwambiri ndi nkhanu, achule, anapiye, kabichi ndi ma shrimp, koma chodula kwambiri mwa zonse ndi mapiri, zithunzi 12 za mu 1925 zomwe zinagulitsidwa pa okushoni ku Beijing mu Disembala 2017 pa 931.5 miliyoni yuan, madola a ku America pafupifupi 140 miliyoni. Musayese kusintha mu makwacha, mutu uwawa.

Nthawi imene Qi ankavutika ku Beijing ija mwambo wonse wa inki unali pa mpeni. China inali itagonjetsedwa kangapo ndi maiko a azungu ndi Japan, ndiye anthu ofuna kusintha zinthu monga Kang Youwei ndi Chen Duxiu ankati kujambula kwa makolo kwafika pothera, ndi kukopera kokhakokha, tsobola wakale sawawa. Xu Beihong, amene anaphunzira ku Paris, anabweretsa maphunziro a chizungu oyamba ndi pensulo, kuyang'ana chinthu chenicheni, kuwala ndi mthunzi, ndipo ndi amene anatsogolera Central Academy of Fine Arts ku Beijing itakhazikitsidwa mu 1950. Chikomyunizimu chitalowa mu 1949 funso linali loti kodi mapiri a nkhungu ndi nkhalamba yowedza nsomba zikuthandiza chani mlimi ndi wogwira ntchito m'fakitale. Ojambula anapeza njira, anatuluka kukajambula malo enieni, nkumaikamo madamu, milatho ya sitima, mawaya a magetsi, mbendera zofiira. Mu 1959 Fu Baoshi ndi Guan Shanyue anajambula chimphona cha chithunzi cha mamita 9 chopingasa cha mu Great Hall of the People, nyumba ya misonkhano ya boma ku Beijing, dzuwa lofiira likutuluka pamwamba pa dziko lonse. Li Keran kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anajambula mapiri ofiira psuu potengera mzere wa ndakatulo ya Mao Zedong, ndipo chimodzi mwa izo chinadzagulidwa 293 miliyoni yuan mu 2012. Kunja kwa dziko nako kunkachitika zina, Zhang Daqian ali ku Brazil maso atayamba kuvuta anayamba kukhuthulira inki ndi utoto wobiriwira papepala nkumazisiya ziyende zokha kenako nkuwonjezera timitengo ndi tinyumba, pomwe ku Taiwan mnyamata wina Liu Kuo-sung wa gulu la Fifth Moon ankati bulashi yeniyeniyo ichotsedwe pa mpando, iye ankapaka inki pa pepala la ulusi wokhuthala kenako nkusolola ulusiwo kuti patsale mizere yoyera.

Mkati mwa phokoso lonseli, mu kanyumba kena ku Taiwan, munali bambo wina yekhayekha amene sanali m'gulu lililonse.

Yu Chengyao anabadwa mu 1898 ku Yongchun m'chigawo cha Fujian, dera la mapiri. Mu 1920 anapita ku Japan, anayamba maphunziro a zachuma pa Waseda University kenako nkusintha kulowa sukulu ya usilikali. Atabwerera kwawo anaphunzitsako pa sukulu ya asilikali ya Whampoa, nkutumikira gulu lankhondo la Kuomintang, chipani chomwe chinkalamulira China nthawiyo, zaka zoposa 20, kuphatikizapo nthawi ya nkhondo ndi Japan, ndipo ntchitoyo inamuyendetsa madera ambiri a China, kumpoto chakumadzulo, kumapiri monga Huashan. Anapuma usilikali mu 1946 nkuyamba bizinesi. Mu 1949 zinthu zitatembenuka, achikomyunizimu atalanda boma, iye anapezeka ali pa chilumba cha Taiwan, mkazi ndi ana ali kumtunda ku China, njira nkutsekeka. Mu 1954 anasiya bizinesi nkukhala phee, kuwerenga, kulemba ndakatulo, kulemba zilembo ndi bulashi, kuimba nanguan, nyimbo zachikale zodekha za kwawo kum'mwera kwa Fujian zomwe anazikonda moyo wake wonse, ndiye m'chaka chomwecho nkuyamba kujambula.

Onani bwino zimene munthuyu anali nazo tsiku loyambalo. Dzanja lozolowera bulashi chifukwa cha kulemba zilembo, analinalo. Ndakatulo zachikale ankazidziwa mpaka kulemba zake. Ndiye panali chinthu chimene aphunzitsi a zojambula ambiri analibe, diso la msilikali. Mkulu wa asilikali akayang'ana phiri saona kukongola kokha, amafuna kudziwa kuti chigwachi chikutulukira kuti, mtsetsewu anthu angakwere kapena ayi, kuseri kwa chitundachi kungabisale chani, madzi akuchokera pati, ndipo amawerenga mapu tsiku ndi tsiku. Chimene analibe ndi chimodzi, timizere ta cun ta m'buku tija, mwambo wokopera uja. Ine ndimaona kuti sitayilo yake yonse inabadwira pa mpata umenewu.

Chifukwa alibe njira yachidule yonenera kuti "ili ndi thanthwe", iye ankalimanga thanthwelo. Timizere tating'onoting'ono tafupitafupi, timadontho, kamzere pamwamba pa kamzere, masauzande ake, mpaka phiri litakhuthala nkukhala ndi thupi, mbali ina yowala ina ya mthunzi. Anthu amaitchula njirayi kuti luanbi, bulashi yosokonekera. Ukayandikira pafupi zimaonekadi ngati chisokonezo, ngati mwana wakhwatchakhwatcha m'kope, palibe mzere umodzi umene katswiri wa bimo angauloze nkunena kuti uwu ndiye mzere. Koma ubwerere m'mbuyo masitepe atatu uone. Chilichonse chimakhala pamalo pake, ukutha kutsata njira kuchokera pa mtsinje kukwera mpaka pa nsonga, ukuona kuti phiri ili lili kutsogolo ilo kumbuyo, mitengo ikumera pomwe mtengo ungameredi. Ndipo pepala amalidzaza. Nkhungu ija anzake amabisamo theka la phiri, kwa iye ndi yochepa, amakupatsa phiri lonse kuyambira kuphazi mpaka kumutu, lolemera, lothinana. Akafuna utoto samanyengerera, kubiriwira kowala kwa nthawi ya dzinja, chikasu, mitundu imene anthu a mwambo wa ophunzira aja akanati yachuluka phokoso. Anajambula zazikulu zolumikiza mapepala angapo, anajambulanso mpukutu wautali wa mtsinje wa Yangtze.

Ndipo zambiri mwa izi zinkachokera m'mutu. Mapiri amene ankajambula anali kutsidya la nyanja komwe sakanatha kupitako, anawayenda ndi mapazi zaka 20 kapena 30 m'mbuyomo. Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima, chifukwa ukaiona bwino munthuyu anaswa malamulo a kagwiridwe ka bulashi koma anasunga lamulo lalikulu kwambiri la shanshui, loti phiri umaliyenda kaye, nkulisunga m'mtima, nkudzalijambula uli m'nyumba. Akale aja ankatero. Amene ankakopera m'buku osatuluka panja ndi amene anali atasochera, olo mizere yawo inali yaukhondo.

Sikuti anabisika kotheratu zaka zonsezo. Katswiri wa mbiri ya zojambula Chu-tsing Li anamuona msanga nkumuika pa chionetsero cha mapiri atsopano a ku China chomwe chinazungulira ku America kuyambira 1966, limodzi ndi anyamata ngati Liu Kuo-sung uja. Taganizani, mdala wa zaka 68 wojambula mwala uliwonse, pakati pa anyamata ofuna kuphwanya chilichonse. Koma kwawo ku Taiwan zinatenganso zaka 20 kuti anthu amutembenukire.

Chaka chomwecho cha 1986 ku Beijing kunachitika zofanana koma zosiyana. Kunaonetsedwa zithunzi za Huang Qiuyuan wa ku Nanchang, amene anagwira ntchito ku banki zaka zambiri nkumwalira mu 1979 asakudziwika kunja kwa kwawo, ndipo akuluakulu monga Li Keran anadabwa kuti munthu wotere anawaphonya bwanji. Nayenso amamutchula wodziphunzitsa, koma iyeyu ali mnyamata anagwira ntchito mu shopu yomata zithunzi pa mipukutu, momwe zithunzi zakale zenizeni zinkadutsa m'manja mwake tsiku lililonse, ndiye anakopera mpaka kudziwa sitayilo za akale kuposa maprofesa ambiri. Ndekuti mawu amodzi omwewo akuphimba anthu awiri otsutsana, wina anadziphunzitsa mwambo wonse payekha, wina anaulambalala. Kuwaika m'thumba limodzi ndi ulesi.

Nanga funso loti zithunzi za Yu ndi zabwino kapena ayi poti bimo yake si ya m'buku? Limeneli ndi gawo la mkangano waukulu umene sunathe mpaka lero. Mu 1985 wophunzira wina wa ku Nanjing, Li Xiaoshan, analemba kuti kujambula kwa chitchaina kwafika pamapeto a msewu, dziko lonse la ojambula linawira. Mu 1992 Wu Guanzhong, amene anaphunzira ku France koma ankagwiritsanso inki, anaponya bomba lina, anati bimo payokha, yochotsedwa pa chithunzi chimene ikutumikira, mtengo wake ndi ziro. Mnzake wa msinkhu umodzi Zhang Ding anadzamuyankha kuti ayi, bimo ndiye malire omaliza, ukaichotsa chatsalacho sichitchaina ayi, ndi chithunzi chabe chojambulidwa ndi inki. Ine pamenepa ndimapendekera kwa Wu, koma osati kwathunthu. Zoona mzere ndi wantchito wa chithunzi osati bwana. Koma anthu ambiri amene amakuwa kuti bimo ndi ziro ndi oti sanaigwirepo ntchito, akufuna njira yachidule, pomwe Wu mwini wake anali ataphunzira kale kwa akatswiri a inki ku Hangzhou. Yu naye, timizere take tosokonekera tija tikutuluka m'dzanja lomwe linalemba zilembo zaka makumi ambiri, mupatse bulashi yomweyo munthu amene sanaigwirepo muone ngati phiri liime.

Masiku ano shanshui yapita kutali moti ena inkiyo anaisiya. Yang Yongliang wa ku Shanghai, wobadwa mu 1980, amapanga zithunzi zoti ukaona patali ndi mapiri a nthawi ya Song enieni, nkhungu, mathithi, zonse, koma ukachita zoom pa foni umapeza kuti phiri lonse ndi nyumba zosanjikizana masauzande zojambulidwa ndi kamera nkulumikizidwa pa kompyuta, mitengo ija ndi makireni omangira ndi mapolo a magetsi. Xu Bing kuyambira 2004 amaika galasi losaonekera bwino lowala kumbuyo, kutsogolo ukuona chithunzi chakale chotchuka, ukazungulira kuseri ukupeza ndi udzu wouma, nthambi, mapepala ong'ambika ndi zinyalala zomatidwa ndi tepi. Metropolitan Museum ya ku New York inachita chionetsero chachikulu cha inki yamakono kumapeto kwa 2013, ndipo zina mwa zomwe zinali mmenemo zinali mavidiyo ndi ziboliboli. Pomwe mbali inayi kuli anthu masauzande, m'masukulu a zojambula ndi m'makalasi a anthu opuma ntchito, amene akukoperabe Fan Kuan mzere ndi mzere.

Pomwe pali ndalama za mtundu wa Qi Baishi zija pamabweranso akathyali. Mawu oti "wodziphunzitsa yekha" asanduka chikopa chogulitsira malonda, pa intaneti mupeza ambiri olembedwa kuti katswiri wobisika, sanaphunzire kwa munthu, anatulukira sitayilo yakeyake, kumachita kutchula ndi dzina la cun yatsopano imene akuti anayambitsa. Ena ndi aluso ndithu. Koma ambiri ukayang'ana umapeza phiri la m'buku lomwe lija, mathithi pakati, kanyumba kumanzere, kabwato, dzuwa lofiira, zopangidwa mofulumira kuti zikapachikidwe mu ofesi ya bwana poti amati madzi oyenderera amakoka chuma. Zabodza nazo zilipo zambiri, ndipo sizinayambe lero, Zhang Daqian yemwe uja ali mnyamata ankapanga zithunzi zonamizira Shitao, wojambula wotchuka wakale, zomwe zinapusitsa akatswiri. Ine ndikaona chithunzi cha munthu amene akuti anadziphunzitsa ndimayesa zinthu ziwiri. Ndimalowetsa diso pansi pa chithunzi nkuona ngati ndingayende mpaka pamwamba osagwera m'malo oti phiri silikugwirana, ngati nkhungu yaikidwa chifukwa ikufunika kapena pobisa pomwe munthu analephera kulumikiza. Kenako ndimayang'ana ngati pali chinthu chimodzi chokha, mtengo, mtsetse, kuwala, choti munthuyu anachiona ndi maso ake osati m'chithunzi cha mnzake. Za Yu Chengyao zimakhoza mayeso onse awiri olo uzione pa sikirini ya foni yosweka.

Boma la Taiwan linayamba kulola anthu kukaona abale awo kumtunda kumapeto kwa 1987, patangotha chaka chimodzi chichitikire chionetsero chija. Yu anali ndi zaka 89. Anadzawoloka ndithu kubwerera ku Fujian patatha zaka pafupifupi 40, nkukakhala ku Xiamen, komwe anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 95.